Marcus Garvey: zaka zitatu pa belo m'dziko la eni

Pa 12 Januwale 1922 akuluakulu a boma la America adanjata Marcus Mosiah Garvey mumzinda wa New York pomuganizira kuti ankagwiritsa ntchito positi pobera anthu ndalama. Sadakhalitse m'manja mwawo. Atapereka belo ya madola 2,500 adamumasula, ndipo adabwerera ku Harlem, dera lomwe mudadzaza anthu akuda, komwe kudalinso likulu la bungwe lake. Kuyambira tsiku limenelo kufikira mu Febuluwale 1925, pomwe adalowa m'ndende ya Atlanta, Garvey adakhala zaka zitatu mlandu uli pakhosi. Kupatula miyezi itatu yomwe adagona m'chitokosi, nthawi yonseyo adali pa belo, m'dziko lomwe silidali lake.

Belo ndi chikole. Bwalo la milandu limalola woganiziridwa kukadikira mlandu ali kunyumba, iye n'kusiya ndalama zotsimikizira kuti adzabwera tsiku lomwe adzaitanidwe. Kwa nzika ya dziko, chomwe chingatsatire zinthu zikavuta ndi chindapusa kapena ndende, ndipo chilango chikatha munthu amabwerera pakhomo pake. Garvey adali mbadwa ya ku Jamaica, ndipo pamalamulo adali munthu wa pansi pa ufumu wa Britain. Malamulo a America ankalola boma kupitikitsa mlendo wopezeka wolakwa pa mlandu waukulu wachinyengo. Motero pamlanduwu padagona zambiri: ufulu wake, malo ake m'dzikomo, komanso tsogolo la gulu lalikulu kwambiri la anthu akuda lomwe lidali litaonekapo kufikira nthawi imeneyo.

Mwana wa mmisiri

Garvey adabadwa pa 17 Ogasiti 1887 ku St Ann's Bay, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kumpoto kwa chilumba cha Jamaica. Bambo ake adali mmisiri womanga ndi miyala, munthu wokonda kuwerenga yemwe ankasunga mabuku m'nyumba mwake. Mayi ake adali Sarah Jane Richards. Ali ndi zaka 14 Garvey adasiya sukulu n'kuyamba kuphunzira ntchito yosindikiza mabuku, ndipo ntchito imeneyi ndiyo idamuphunzitsa mphamvu ya mawu olembedwa. Atasamukira ku Kingston adakwera msanga mpaka kukhala kapitawo, koma osindikiza anzake atanyanyala ntchito mu 1908 iye adaima nawo, ndipo ntchito idamuthera pomwepo.

Mu 1910 adapita ku Costa Rica, komwe ankalemba maola a anthu ogwira ntchito m'minda ya nthochi ya kampani ya United Fruit. Adafikanso ku Panama, komwe anthu ochokera ku zilumba za Caribbean ankakumba ngalande yaikulu yodutsamo sitima. Konseko adaona zofanana: munthu wakuda ankagwira ntchito yowawa kwambiri, malipiro ake ali otsikitsitsa, ndipo padalibe boma lomuyankhulira.

Mu 1912 adafika ku London. Kumeneko adagwira ntchito pa magazini ya African Times and Orient Review ya Dusé Mohamed Ali, ndipo adawerenga buku la Booker T. Washington lotchedwa Up from Slavery, lomwe lidamulimbikitsa pa maganizo oti anthu akuda adzitukule okha kudzera m'maphunziro ndi malonda. Atabwerera kwawo mu 1914 adayambitsa bungwe la Universal Negro Improvement Association, mwachidule UNIA, mothandizana ndi Amy Ashwood, yemwe adadzakhala mkazi wake woyamba. Ku Jamaica bungwelo silidayende bwino. Mu Malichi 1916 adafika ku New York kudzafuna thandizo la ndalama, Washington atamwalira kale miyezi ingapo m'mbuyomo.

Harlem ndi sitima za Black Star Line

Garvey adafika m'nyengo yomwe anthu akuda zikwizikwi ankachoka kummwera kwa America, kuthawa tsankho ndi kuphedwa mwankhanza ndi magulu a azungu, n'kumakakhala m'mizinda ya kumpoto. Asilikali akuda omwe adamenya nawo nkhondo yoyamba ya dziko lonse adabwerera n'kupeza kuti palibe chasintha. Mu 1919 zipolowe zolimbana ndi anthu akuda zidabuka m'mizinda yambiri, kuphatikizapo Chicago ndi Washington. Anthu otere adaumva msanga uthenga wa Garvey. Ankawauza kuti khungu lakuda si lochita nalo manyazi, kuti Africa ndi ya eni ake, okhala komweko ndi omwazika kunja omwe, ndiponso kuti mtundu wopanda mafakitale, sitima ndi boma lakelake sudzapatsidwa ulemu ndi wina aliyense.

Mu 1918 adayamba kutulutsa nyuzipepa ya Negro World, yomwe amalinyero ankaizembetsa mpaka kumadoko a ku Caribbean ndi ku Africa. Mu Ogasiti 1920 bungwe la UNIA lidachititsa msonkhano wa mwezi wathunthu ku New York, ndipo anthu pafupifupi 25,000 adadzaza holo ya Madison Square Garden. Msonkhanowo udavomereza chikalata cha maufulu a anthu akuda a padziko lonse, udasankha mbendera ya mitundu itatu, wofiira, wakuda ndi wobiriwira, ndipo udamuveka Garvey udindo wa mtsogoleri wogwirizira wa Africa, komwe iye adali asanapondeko.

Ntchito yomwe idamutchukitsa kwambiri, yomwenso idadzamugwetsa, idali kampani ya sitima zapamadzi ya Black Star Line, yomwe idalembetsedwa mu Juni 1919. Sheya imodzi inkagulidwa madola 5, ndipo masheyawo ankagulitsidwa kwa anthu akuda okha. Ogula ambiri adali antchito a m'nyumba, onyamula katundu ndi alimi, anthu omwe adali asanakhalepo ndi gawo m'kampani ina iliyonse. Koma Garvey ndi anzake sankadziwa malonda a sitima, ndipo ogulitsa adawadyera masuku pamutu. Sitima yoyamba, Yarmouth, yomwe idapangidwa mu 1887, chaka chomwe Garvey adabadwa, adaigula pa madola oposa 160,000. Pambuyo pake zidadziwika kuti woyendetsa wake, Joshua Cockburn, adalandirako kangachepe kuchokera kwa ogulitsa. Itangoyenda maulendo atatu, sitimayo idagulitsidwa mu 1921 ngati zitsulo zakutha pa madola 1,625. Yachiwiri, Shadyside, idamira mumtsinje wa Hudson. Yachitatu, Kanawha, idasiyidwa ku Cuba injini zake zitaonongeka.

Yachinayi ndiyo idabala mlandu. Kampaniyo inkafuna kugula sitima yaikulu yotchedwa Orion, kuipatsa dzina loti Phyllis Wheatley, kuti iziyenda ulendo wa ku Africa. Idasindikiza zikalata zoitanira anthu kugula masheya, pali chithunzi cha sitimayo ndi dzina latsopanolo, malonda asanatheke. Ndalama zachikole zidaperekedwa, koma sitimayo sidafike m'manja mwa kampani.

Diso la boma

Boma lidayamba kumulonda Garvey kalekale sitimazi zisanagwe. Mu Okutobala 1919 J. Edgar Hoover, yemwe panthawiyo adali wachinyamata mu nthambi ya zofufuza ya boma, adalemba kalata yodandaula kuti Garvey adali asanaphwanye lamulo lililonse loti ampitikitsire nalo m'dziko, ndipo adaloza ku Black Star Line monga malo omwe mlandu wachinyengo ungapezeke. Nthambiyo idalemba ntchito James Wormley Jones, mmodzi mwa akazitape akuda oyambirira, kuti alowe mu UNIA n'kumapereka malipoti.

Mu 1921 Garvey adalawa kuwawa kwa ulendo. Adapita ku Caribbean ndi ku Central America kukagulitsa masheya, poganiza kuti akhala masabata ochepa, koma akazembe a America adamumana chiphaso chobwererera kwa miyezi ingapo. Adalowanso m'dzikomo mu Julayi. Zokambirana zambiri za sitima ya Orion zidachitika iye ali kunja, ndipo mfundo imeneyi adadzaigwiritsa ntchito podziteteza. Patangotha miyezi isanu ndi umodzi chibwerereni adamangidwa, ndipo mu Febuluwale 1922 mlandu udatsegulidwa mwalamulo kwa iye pamodzi ndi akuluakulu ena atatu a kampaniyo: Orlando Thompson, Elie Garcia ndi George Tobias.

Miyezi 16 yodikira

Mlandu suola, koma wodikira mlandu amaola mtima. Kuchokera pomwe adamangidwa kufikira pomwe bwalo lidakhala padadutsa miyezi 16, ndipo m'miyezi imeneyi zambiri zomwe Garvey adamanga zidayamba kugumuka. Black Star Line idaimitsa ntchito zake chaka chomwecho. Anthu omwe adaikamo ndalama zawo adayamba kufunsa mafunso, ndipo ena mwa omwe ankagwira naye ntchito adamusumira pa nkhani ya malipiro. Pakati pa zonsezi ukwati wake woyamba udatha kukhoti, ndipo mu Julayi 1922 adakwatira Amy Jacques, yemwe adali mlembi wake.

Garvey sadakhale chete monga momwe maloya amalangizira munthu wa pa belo. Adayenda m'madera ambiri a America akuyankhula pamisonkhano, ndipo mu Juni 1922 adachita chinthu chomwe chidamulanda abwenzi ambiri. Adapita ku Atlanta kukakumana ndi Edward Young Clarke, yemwe ankatsogolera gulu la Ku Klux Klan, lodziwika ndi kuzunza ndi kupha anthu akuda. Maganizo a Garvey adali oti gululo linkanena poyera zomwe azungu ambiri ankabisa mumtima, ndipo popeza iye ankafuna kuti mitundu ikhale payokhapayokha, kudali bwino kumvana nalo. Kwa anthu omwe abale awo adaphedwa ndi gululo, kumeneku kudali kudya m'mbale imodzi ndi mdani.

Atsogoleri ena a anthu akuda, monga A. Philip Randolph ndi Chandler Owen a magazini ya The Messenger, adayambitsa kampeni yoti Garvey achoke m'dziko. Apa ndi pomwe ulendo wake udasanduka chida. Omutsutsa sankangonena za sitima ndi Klan, ankatchulanso za kwawo, kuti ndi mlendo wa ku Jamaica wosadziwa mavuto a anthu akuda a ku America. Mawu amenewa adapweteka ngakhale anthu a ku Caribbean omwe sankamukonda Garvey, monga W. A. Domingo, yemwe adadzudzula poyera mchitidwe wonyoza anthu chifukwa cha komwe adachokera. Naye Garvey sankabweza mofatsa. W. E. B. Du Bois, wa bungwe la NAACP, ankamunyoza chifukwa cha khungu lake loyererako.

Pa 1 Januwale 1923 James Eason, m'busa yemwe adali mmodzi mwa akuluakulu a UNIA asanachotsedwe pa msonkhano wa 1922, adaomberedwa ku New Orleans ndipo adamwalira patapita masiku ochepa. Eason ankayembekezeka kukachitira umboni mbali ya boma. Amuna awiri okhudzana ndi UNIA adamangidwa, ndipo ngakhale Garvey sadaimbidwe mlandu pa imfayi, chikayiko chidamugwera. Patangotha masabata awiri, anthu akuda asanu ndi atatu odziwika adalembera Harry Daugherty, mkulu wa zamalamulo m'boma, kupempha kuti mlandu wa Garvey ufulumire.

Kunja kwa America nako zitseko zinkatsekeka. Maboma a atsamunda ankaiopa Negro World, ndipo mu 1922 boma la Nyasaland lidailetsa kulowa m'dziko muno. Chaka chomwecho nthumwi za UNIA zidapita ku Geneva kukapempha bungwe la League of Nations kuti maiko a mu Africa omwe adalandidwa kwa Germany aperekedwe m'manja mwa anthu akuda, koma Garvey mwini sadapite nawo. Kumayambiriro kwa 1923 adalengeza kuti ayendera maiko ambiri, kuphatikizapo a mu Africa. Atsamunda adakonzekera kumuletsa kutsika padoko, ndipo ulendowo sudachitike.

M'bwalo la milandu

Mlandu udayamba pa 18 Meyi 1923 pamaso pa woweruza Julian Mack. Garvey adapempha kuti Mack achoke pamlanduwo ponena kuti ankagwirizana ndi NAACP, bungwe la adani ake, koma pempholo lidakanidwa. Mlandu utangoyamba adachotsa loya wake, Cornelius McDougald, n'kusankha kudziimira yekha. Mutu umodzi susenza denga. Garvey adali katswiri pa nsanja, koma malamulo a umboni sankawadziwa. Ankafunsa mboni kwa nthawi yaitali, kukangana ndi anthu omwe kale adali antchito ake, ndipo mafunso ake ena adatulutsa poyera chisokonezo chomwe chidali m'mabuku a kampani. Mlandu udatenga mwezi wathunthu.

Pa 18 Juni anthu 12 omwe adasankhidwa kuti amve umboni adapereka chigamulo. Thompson, Garcia ndi Tobias adapezeka osalakwa. Garvey adapezeka wolakwa pa mfundo imodzi yokha. Umboni wake udali envelopu yopanda kanthu, yokhala ndi chidindo cha Black Star Line, yomwe idatumizidwa kwa munthu wina wogula masheya dzina lake Benny Dancy, yemwe sadathe kunena motsimikiza chomwe chidali m'katimo. Pokwiya ndi chigamulocho, Garvey adayankhula mawu oipa onyoza Ayuda, popeza woweruzayo adali Myuda, ndipo mawu amenewo ndi banga lomwe lidatsala pa mbiri yake. Pa 21 Juni adalamulidwa kukakhala kundende zaka zisanu ndi kulipira chindapusa cha madola 1,000.

Garvey adachita apilo, koma ulendo uno belo adamukaniza. Woimira boma, Maxwell Mattuck, adauza bwalo kuti otsatira a Garvey adali ndi mfuti ndipo iye adali munthu woopsa. Adamutsekera m'ndende ya Tombs ku New York. Mamembala a UNIA adachita misonkhano, adalemba makalata opita ku boma, adasonkha ndalama, ndipo mu Sepitembala 1923, patatha miyezi itatu, adatulutsidwa pa belo yoposa yoyamba ija kangapo konse.

Belo yachiwiri

Miyezi 17 yotsatira Garvey adagwira ntchito ngati munthu wodziwa kuti dzuwa lapendeka. M'malo mosiya za sitima, mu 1924 adayambitsa kampani ina, Black Cross Navigation and Trading Company, ndipo anthu ake, ngakhale adali atataya ndalama poyamba paja, adasonkhanso. Adagula sitima ya General G. W. Goethals n'kuitcha Booker T. Washington. Idanyamuka ulendo wa ku Caribbean mu Januwale 1925, koma ngongole zidaitsatira padoko lililonse, ndipo nayonso idathera pogulitsidwa.

Chiyembekezo chake chachikulu chidali Liberia. Kuyambira mu 1920 UNIA idakhala ikukambirana ndi boma la dzikolo zopeza malo oti anthu akuda ochokera ku America akakhazikikepo. Mu 1924 bungwelo lidatumiza akatswiri ndi zipangizo zokayambira ntchito. Atafika ku Monrovia adawabweza. Boma la Charles D. B. King lidalengeza kuti munthu aliyense wotumidwa ndi UNIA sadzaloledwa kulowa. Olamulira a Liberia ankaopa kuti alendowo angadzawalande mphamvu, ndipo sankafuna kukwiyitsa Britain ndi France, omwe ankalamulira maiko oyandikana nawo. Mu 1926 boma lomwelo lidabwereketsa malo ofika maekala 1 miliyoni kwa zaka 99 ku kampani ya matayala ya Firestone kuti idzalepo mitengo ya mphira.

Adani ake sadapume. Mu Meyi 1924 Du Bois adalemba m'magazini ya The Crisis kuti Garvey adali mdani woopsa wa mtundu wake, woyenera kutsekeredwa kapena kubwezedwa kwawo. Mu Ogasiti, msonkhano waukulu wa UNIA uli m'kati, boma lidamutsegulira mlandu wina wokhudza msonkho. Yemwe adagwira nyumba kuti isagwe adali Amy Jacques Garvey. Mu 1923 adasonkhanitsa zolemba ndi zoyankhula za mwamuna wake n'kutulutsa buku la Philosophy and Opinions of Marcus Garvey, ndipo gawo lachiwiri lidatuluka mu 1925. Kudzera m'mabukuwa maganizo a Garvey adafika komwe mwini wake sakadafika.

Kumayambiriro kwa Febuluwale 1925 bwalo la apilo lidakana dandaulo lake. Garvey adali ku Detroit. Malire a Canada ali tsidya lina la mtsinje kuchokera mumzindawo, ndipo Canada idali pansi pa ufumu womwewo wa Britain, koma iye adakwera sitima ya pamtunda kubwerera ku New York. Pa 5 Febuluwale apolisi adamugwirira pa siteshoni ya 125th Street ku Harlem, ndipo patapita masiku atatu adali m'ndende ya Atlanta. Bwalo lalikulu kwambiri la dzikolo lidakana kumva nkhani yake.

Ndende ndi ulendo wobwerera

Ku Atlanta adakhalako zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi inayi, akudwaladwala chifuwa ndi mphumu. Kunja, bungwe lake lidagawikana, akuluakulu akulimbirana maudindo ndi katundu. M'nyengo yomweyi dzina lake lidamangitsa munthu kuno kwathu. Mu 1926 Isa Macdonald Lawrence adalamulidwa kukagwira ukaidi wa kalavulagaga kwa zaka zitatu chifukwa cholowetsa mu Nyasaland nyuzipepa ya Negro World pamodzi ndi Workers' Herald, ya bungwe la apantchito lomwe Clements Kadalie, mbadwa ya ku Nkhata Bay, ankatsogolera ku South Africa. Chilango chotere pa nkhani ya nyuzipepa chikuonetsa momwe atsamunda ankaopera mawu a munthu yemwe panthawiyo adali mkaidi kutsidya kwa nyanja.

Amy Jacques adatsogolera kampeni yoti mwamuna wake amasulidwe. Makalata adafika ku boma kuchokera m'maiko ambiri, ndipo ena mwa anthu omwe adamupeza wolakwa aja adasayina nawo pempho loti chilango chichepetsedwe. Ngakhale nyuzipepa zina zomwe kale zinkamutsutsa zidayamba kunena kuti walangidwa mokwanira. Mu Novembala 1927 mtsogoleri wa dzikolo, Calvin Coolidge, adadula chilangocho, koma popeza Garvey adali mlendo wopezeka ndi mlandu, kumasulidwa kwake kudadza pamodzi ndi lamulo lomupitikitsa. Sadaloledwe kubwerera ku Harlem kukatsanzika. Adamutengera ku New Orleans, komwe kumayambiriro kwa Disembala adakwezedwa sitima ya Saramacca. Khamu la otsatira ake lidaima padoko mvula ikugwa, iye akuwayankhula ali m'sitima. Sadapondenso ku America.

Ku Kingston adalandiridwa ndi chinamtindi cha anthu. Mu 1928 adapita ku London, Paris ndi Geneva, ndipo mu 1929 adayambitsa chipani cha People's Political Party. Mwa mfundo za chipanicho mudali yoti oweruza achinyengo azimangidwa, ndipo chifukwa cha mfundo imeneyi adatsekeredwa miyezi itatu pa mlandu wonyoza bwalo. Adasankhidwa kukhala khansala mumzinda wa Kingston, koma mphamvu zake zenizeni zidatsala ku America, komwe kudali mamembala ndi ndalama, ndipo bungwe lotsogoleredwa ndi makalata ochokera kutali lidapitirira kufota.

Mu 1935 adasamukira ku London, mkazi wake ndi ana awo awiri, Marcus ndi Julius, n'kutsala ku Jamaica. Ankayankhula ku Hyde Park ndi kutulutsa magazini ya The Black Man. Italy italanda Ethiopia, adadzudzula mfumu Haile Selassie chifukwa chothawira ku Britain, ndipo izi zidamutayitsa otsatira enanso. Mu Januwale 1940 adadwala sitiroko. Miyezi ingapo pambuyo pake nyuzipepa zina zidalengeza molakwika kuti wamwalira, ndipo iye adawerenga yekha nkhani za imfa yake. Adamwalira pa 10 Juni 1940 ku West Kensington ali ndi zaka 52, asanaione Africa ndi maso.

Chomwe chidatsala

Olemba mbiri ambiri amagwirizana pa mfundo ziwiri zomwe ziyenera kunenedwa pamodzi. Yoyamba ndi yoti anthu osauka adatayadi ndalama zawo mu Black Star Line, kuti mabuku a kampaniyo adasungidwa mosalongosoka, ndiponso kuti Garvey, posafuna kumva malangizo, adapitiriza kulonjeza zomwe kampani sikadatha kuchita. Yachiwiri ndi yoti palibe umboni woti adalemera ndi ndalamazo, ndipo boma lidayamba lafuna kumuchotsa m'dziko, mlandu n'kudzaupeza pambuyo. Pa anthu anayi omwe adaimbidwa mlandu umodzi, yemwe adalangidwa ndi yekhayo yemwe Hoover adamutchula mu 1919.

Mu Novembala 1964 mafupa ake adachotsedwa ku London n'kukaikidwa ku Kingston, ndipo Jamaica idamupatsa ulemu wokhala ngwazi yoyamba ya dzikolo. Kwame Nkrumah adalemba kuti buku la Garvey lidamukhudza kuposa ena onse omwe adawerenga ali ku America. Nyenyezi yakuda ili pa mbendera ya Ghana, kampani ya sitima ya dzikolo idatchedwa Black Star Line, ndipo timu yake ya mpira ndi Black Stars. Makolo a Malcolm X adali mamembala a UNIA. Mitundu itatu yomwe idasankhidwa ku New York mu 1920 ikuonekanso lero pa mbendera za maiko monga Kenya ndi Malawi.

Kwa zaka zambiri mwana wake Julius, dokotala wa maopaleshoni ku New York, pamodzi ndi aphungu ena a nyumba ya malamulo ya America, adakhala akupempha kuti dzina la Garvey liyeretsedwe. Pa 19 Januwale 2025, tsiku lomaliza lathunthu ali pampando, Joe Biden adasayina chikalata chomukhululukira. Padali patatha zaka 103 chiperekereni belo yoyamba ija ya madola 2,500.